Buku Lokulungira Usipa

Mu Ufumu wa Gwadani muli zinthu zambiri zonyaditsa, koma choposa zonse ndi mlatho wa pa mtsinje wa Mawamawa. Mlatho umenewu unatsekulidwa katatu. Ulendo woyamba Mfumu Mwinizonse Wachiwiri inabwera ndi sizasi yake yagolide, inadula riboni, amayi analuluta. Ulendo wachiwiri kunali kukumbukira kutsekula koyamba kuja. Wachitatu palibe amene akukumbuka chifukwa chake, koma kunaphedwa ng'ombe ndipo anthu anadya. Pa mapu a boma mlathowo ulipo, wautali bwino, ndipo ana asukulu amaujambula pa mayeso. Chimene chinatsala n'kuumanga basi, ndipo anthu ankawoloka monga ankachitira makolo awo, atakwinya zovala.

Mmodzi mwa owoloka anali a Lufeyo Kanyemba, mphunzitsi wa sukulu ya kutsidya, amene ankadutsa m'madzimo m'mawa uliwonse njinga ili paphewa. Chaka china mu Febuluwale mtsinje unadzaza, ndipo a Kanyemba sanafike kusukulu. Mkazi wawo, mayi Elube Nachisale, atapita ku ofesi kukatenga kalata ya imfa, kalaliki anakana kulemba kuti munthuyo anamira.

"Amire bwanji amayi, pamene pali mlatho?" anafunsa kalaliki uja, chala chili pa mapu. Analemba kuti malemuwo anatsika pa mlatho mwa kufuna kwawo, n'kudinda chidindo.

A Nachisale anali atagwira ntchito yotayipa mu ofesi za boma zaka makumi atatu. Makalata oitanira anthu ku miyambo itatu yonse ija anatayipa ndi iwo, ndi zala zawo zomwe, ndipo zimenezi zinkawawawa kuposa kalata ya kalaliki. Sanalire mu ofesimo. Anapita kunyumba, anapukuta fumbi pa makina awo akale otayipira, n'kuyamba kulemba buku. Munali mfumu ya dziko lakutali, dzina lake Dulariboni, yokonda kutsekula zinthu zomwe kulibe, ndiponso mphunzitsi wosauka wotchedwa Yobe. Amayiwa sankafuna kutchuka. Ankangofuna chinthu chimodzi: anthu awerenge papepala kuti munthu uja anamira chifukwa panalibe mlatho.

Koma ku Gwadani buku silimangotuluka ngati bowa. Liyenera kudzera ku Nyumba ya Zidindo, yomwe mkulu wake ndi Nduna ya Tsogolo la Mabuku, Wolemekezeka Zoonadi. Buku lililonse limafunika zidindo zisanu ndi ziwiri, ndipo osunga zidindozo kawirikawiri amakhala ali kumisonkhano yolimbikitsa anthu kuwerenga. A Nachisale anasiya mapepala awo kumeneko n'kudikira. Chaka chachisanu ndi chimodzi anawalola kulowa mu ofesi ya ndunayo, ndipo anapeza buku lawo lili pansi pa mwendo waufupi wa tebulo.

"Musade nkhawa amayi," anatero a Zoonadi. "Monga mukuonera, buku lanu likuthandiza boma kale. Tikalichotsa pamenepo, tiyi atayika."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Nachisale, monga wotayipa weniweni, anali atasunga mapepala ena kunyumba. Anagulitsa mbuzi zawo, anapita kwa munthu wa makina a fotokope, n'kubwerako ndi mitolo ya mapepala pamutu. Anasoka okha ndi singano ya masaka, chikuto anadula makatoni a sopo. Kenaka tsiku la msika anakayala thumba pa msika wa Tikhalenawo, pakati pa wogulitsa tomato ndi mayi Nasibeko, ogulitsa usipa, n'kundandalika mabuku awo bwinobwino.

Anthu ankaima, si kuti sankaima ayi.

"Ndi la mayeso?"

"Ayi, ndi nkhani."

"Muli zithunzi?"

"Mulibe."

"Nanga mankhwala a mwayi mwalembamo?"

Bambo wina wovala tayi analitembenuza, analinunkhiza, anayamikira kasokedwe kake, n'kufunsa ngati angabwereke. Masabata atatu anatha, tomato anasinthidwa katatu, mabuku ali pomwepo akupsa ndi dzuwa. A Nachisale anayamba kugwa mphwayi, ndipo mbuzi zija anayamba kuzisowa.

Sabata yachinayi a Nasibeko anatambasula dzanja.

"Anzanga, tandipatsani limodzi."

Mtima wa a Nachisale unadumpha. Anasankha losokedwa bwino koposa, n'kulipereka ndi manja awiri. Asanakhale n'komwe pansi anamva kuti kwee! A Nasibeko anali atang'amba tsamba loyamba, akukulungira mulu wa usipa.

"A Nasibeko! Mwapenga kodi? Zaka zanga zonse zija!"

"Pepani anzanga, koma pepala lanu ndi labwino. Zolankhula za Mfumu zimene amatigawirazi n'zosalala, sizimwa mafuta, usipa umangoterereka. Ili likugwira."

Tsiku limenelo a Nachisale anapsa mtima kwambiri, ndipo akadakhala ndi kwina koyala thumba lawo akadasamuka. Koma m'mawa mwake kunabwera wakabaza wina, munthu wandevu zake, akupuma mwabefu. Anaima pa usipa n'kutulutsa m'thumba pepala lonona mafuta.

"Amayi, Yobe uja anamupatsa malipiro ake kapena ayi? Pepala lathera pakati. Ndipatseni usipa wa tsamba lotsatira."

"Lotsatira linapita ndi mayi wa kuchigayo," anatero a Nasibeko.

"Amakhala pati?"

A Nachisale anamuyang'ana wakabazayo mpaka anakhota. Anazindikira chimene nduna yonse ya mabuku inali isanachidziwe, kuti anthu a ku Gwadani amawerenga ndithu, koma amawerenga chimene chabwera chokha m'nyumba chitanyamula ndiwo. Anabwerera kwawo n'kusomola ulusi wonse umene anasoka uja. Sabata yotsatira anagawa masamba ulere kwa ogulitsa: oyamba kwa a Nasibeko, otsatira kwa wogulitsa mtedza wokazinga, ena kwa amayi a zitumbuwa, otsala kwa wamchere. Mutu umodzi pa sabata, wofuna nkhani yonse azungulire msika.

Zimene zinachitika pambuyo pake a Nachisale sanazilote. Anthu anagula mchere woti sadzaumaliza mpaka ukalamba. Amuna amene sankadziwa kumene kuli msika anayamba kulimbirana dengu ndi akazi awo, akaziwo n'kumawakayikira. Mabanja amene anadana chifukwa cha malire a munda ankasinthana masamba pampanda, nkhope zili kumbali. Wosadziwa kuwerenga ankagula chitumbuwa n'kupatsa mnzake theka kuti amuwerengere. Dulariboni atatsekula chitsime chopanda madzi, msika wonse unaseka mpaka misozi; atatsekula chipatala chomwe chinali chikwangwani chokha, kusekako kunachepa pang'ono. Palibe amene anatchula dzina la munthu. Wina akafunsa kuti mfumu imeneyi ndi ya kuti, ankamuyankha kuti ndi ya kutali kwambiri, n'kutsokomola.

Kusatchulako kunali ndi chifukwa. Ku Gwadani kuli lamulo lakale lotchedwa Waonaiwe. Kalekale mmisiri wina anasema mvuu yamtengo, nduna ina n'kuthamangira kubwalo kukanena kuti mvuuyo ikufanana ndi Mfumu. Mfumu ya nthawiyo inaganiza, n'kugamula kuti mmisiri anasema mvuu chabe, amene waona Mfumu pa mvuuyo ndi ndunayo. Nduna inathamangitsidwa m'dziko, mmisiri anapatsidwa munda. Kuyambira pamenepo, wofanizira ndiye wotukwana.

Choncho a Zoonadi atawerengeredwa masamba ena ndi mlembi wawo, anagwira njakata. Anaitanitsa nduna zinzawo, Mfumu kulibe, n'kutseka mawindo.

"Anzanga, buku ili n'loopsa."

"Laopsa pati?" inafunsa Nduna ya Misewu ndi Milatho, maso ali kudenga.

"Mfumu ya m'menemu... ili ndi sizasi."

"Ndiye?"

"Ndiye basi. Ine sindinanene kanthu."

"Ifenso sitinamve kanthu."

Anakambirana tsiku lathunthu za chinthu chimene panalibe wochitchula, ndipo pomaliza anatulutsa lamulo la zaumoyo: kuwerenga uku ukudya kumaononga m'mimba, kotero n'koletsedwa. Anthu a pa Tikhalenawo anamvera ndi mtima wonse. Ankayamba awerenga, kenaka n'kudya. Lamulo lachiwiri linatuma asilikali kukalanda mapepala onse onona mafuta. Asilikali analanda mapepala ndi za m'kati zomwe, za m'kati anadya, mapepala anawerenga. Patatha masiku atatu mkulu wawo anafika pa usipa, nkhope ili gwa, n'kunong'oneza a Nasibeko kuti pa umboni umene agwira pakusowa tsamba la makumi anayi, ndipo akulifuna msanga.

Zikadatha choncho, koma Mfumu Mwinizonse inali ndi kachilakolako kamodzi kosayenera ulemerero wake: mtedza wokazinga wa kumsika. Wophika ankaugula mobisa n'kuuthira m'mbale yasiliva. Tsiku lina anachita changu, n'kupereka mtedzawo uli m'pepala lake. Posapita nthawi m'nyumba yachifumu munamveka chikhakhali chimene anthu anali asanachimvepo. Mfumu inaitanitsa bwalo lonse.

"Mwamuona mnzanga wa ku Nawonso?" inatero ikupukuta misozi. Ufumu wa Nawonso ndi woyandikana ndi Gwadani, ndipo mafumu awiriwa sagwirizana chilichonse kupatula telala. "Amulemba! Ndi yemweyu ndithu, kutsekula chitsime chouma! Koma anthu ena alibe manyazi."

Anyani amasekana zikundu. Nduna zinasekanso, koma kuseka kouma kukhosi, aliyense akuyang'ana mnzake kuti asakhale woyamba kuleka. Mfumu inalamula kuti masamba onse asonkhanitsidwe, inawerenga masiku awiri osatsekula kanthu kalikonse, kenaka inaitanitsa wolemba bukulo. Nthawi imeneyo n'kuti kutatsala mutu umodzi wokha, womaliza, umene a Nachisale anali asanautulutse.

A Nachisale analowa m'bwalo chogwada, monga mwa mwambo. Mantha anali nawo, si kuti analibe. Nduna zinali zitakhala mbali zonse ziwiri, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Amayi, mwandisangalatsa," inatero Mfumu. "Tandiuzeni, mfumu yopusayi munatengera ndani?"



"Gogochalo, ine ndine wotayipa chabe," anayankha a Nachisale. "Ndimangolemba. Zofanizira amazidziwa ndi anthu ophunzira, monga Wolemekezeka a Zoonadi."

Mfumu inatembenuka. "Zoonadi, iwe ukuona kuti akufanana ndi ndani?"

"Ndi wa ku Nawonso, Gogochalo. Ngakhale kayendedwe ndi komweko."

"Ndimanena ine! Nanga amayi, Yobe uja atha bwanji? Mwamusiya akupita kumtsinje, mvula ikugwa. Ine sindigona nazo."

"Amira, Gogochalo."

Nkhope ya Mfumu inagwa ngati ya mwana wolandidwa nzimbe. "Ayi. Munthu wabwino ngati ameneyu? Buku la ku Gwadani lisathe ndi maliro. Awoloke."

"Palibe mlatho, Gogochalo."

Mawu amenewa anali asanalankhulidwepo m'bwalo limenelo. Nduna ya Misewu ndi Milatho inatseka maso n'kuyamba kupemphera. A Nachisale anadikira mpaka mawuwo atakhazikika pa munthu aliyense, kenaka anawonjezera: "M'bukumo."

"Aa, vuto lake ndi limenelo?" Mfumu inaomba m'manja, nkhope ikuwalanso. "Ife ndife anthu opatsa. Abwerekeni wathu! Awolokere pa wa Mawamawa, a ku Nawonso aone kusiyana kwake."

Apa m'pamene a Zoonadi anaonetsa kuti unduna sanaupeze mwangozi. Anadzigwetsa pansi n'kupempha kulankhula. Anati buku limene lasangalatsa Mfumu si buku wamba, ndi chuma cha fuko. Kodi chuma cha fuko chingamanunkhe usipa? Chingamagwidwe ndi manja osasamba? Anapempha kuti masamba onse achotsedwe kumsika ndi m'nyumba za anthu, kuti bukulo lisindikizidwe mwaulemu ndi Nyumba ya Zidindo, ndiponso kuti mutu womaliza ulembedwe ndi komiti, amayiwa apumule. Mfumu inavomera ikugwedeza mutu, ndipo zidindo zonse zisanu ndi ziwiri zinapezeka tsiku lomwelo.

Anasindikiza buku limodzi lokha, lachikuto chachikopa, zilembo zagolide. Analiika m'bokosi lagalasi, bokosilo analitseka ndi loko, n'kulikulunga riboni. A Nachisale anawaveka mendulo n'kuwatcha Mayi wa Zolembalemba za Fuko. Makina awo otayipira anawatengera kunyumba yosungira zinthu zakale, pamodzi ndi mutu womaliza weniweni uja, kuti zisaonongeke. Pa mwambowo a Zoonadi analankhula maola awiri.

"Tsogolo la mabuku m'dziko muno ndi lowala," anatero. "Mabuku a m'maiko ena amang'ambika, amada, amasowa, chifukwa anthu amangowatsekula mwachisawawa. Lathuli zidzukulu zathu zidzalipeza lili latsopano."

Mfumu inadula riboni. Amayi analuluta.

A Nachisale anabwerera kwawo mendulo ikulemera pakhosi, ndipo atangotseka chitseko analira kulira kumene sanalire mu ofesi ya kalaliki. Akadawamanga, bwenzi anthu akufunsana chimene chalembedwa. Koma anawalemekeza, ndipo munthu wolemekezedwa alibe kodandaula. M'buku lokhalo limene linatsala, Yobe anawoloka pa mlatho akuimba nyimbo yothokoza. Tsamba limene analembera buku lonselo palibe amene analiwerenga. A Nachisale anakhala masabata awiri osatuluka, mpaka ndiwo zinatha m'nyumba.

Atafika pa Tikhalenawo anapeza msika uli wodzaza monga kale, mwina kuposa. Izi zinawadabwitsa. Asilikali awiri ankayendayenda kuonetsetsa kuti palibe pepala lotayipa, ndipo panalibedi. Ogulitsa ankakulungira m'masamba a makope akale a ana asukulu, monga ankachitira nthawi zakale. Koma a Nachisale anaona mayi wina atagula mchere, ataima pambali, akuwerenga pepala lake milomo ikugwedezeka. Anamuyandikira.

"Mukuwerenga chiyani, amayi?"

"Masamu a mwana wa eni ake," anayankha mayiyo, akuyang'ana asilikali. Asilikaliwo atadutsa, anatembenuza pepalalo. Kumbuyo kwake kunali zolemba za bolopeni, zilembo zokhotakhota: Mutu Womaliza.

A Nachisale anawerenga. Mtsinje unalipo, mvula inalipo, koma wowoloka sanali Yobe. Anali mayi wodwala amene anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala, ndipo dzina lake ndi mudzi wake zinalembedwa. Anapita kwa wamtedza n'kugula. Kumeneko wowoloka anali mwamuna wosenza thumba la chimanga, mchimwene wake wa wogulitsayo. Kwa amayi a zitumbuwa anali ana awiri a banja limodzi. Aliyense anamaliza bukulo ndi munthu wake, ndipo panalibe amene anawoloka.

Pomaliza anafika pa usipa. A Nasibeko sanawapatse moni wa mendulo. Anangosuntha pathumba kuwapatsa malo, anapisa dzanja pansi pa lichero, n'kutulutsa pepala limene linali padera. Anakulungiramo mulu umodzi ndi basela.

"Uwu ndi wanu. Wakhala ukukudikirani."

A Nachisale anakhuthulira usipawo m'dengu n'kutambasula pepalalo pabondo. Linati: Tsiku limenelo madzi anali ofiira. Aphunzitsi a Lufeyo Kanyemba anafika pa Mawamawa, anavula nsapato, anaika njinga paphewa, analowa. Ife tinali kutsidya, tinaona. Panalibe mlatho.

Dzina limenelo iwo sanalilembe paliponse m'buku lawo. Anawerenga kachiwiri, kenaka kachitatu, zilembo zikusambira.

"Walemba ndani?"

"Ife? Kulemba tikudziwire kuti anzanga?" anatero a Nasibeko, akuingitsa ntchentche. "Ife timangokulunga."

A Nachisale anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Muli ndi bolopeni?"

A Nasibeko anaisolola m'duku. A Nachisale anakhwatcha mawu awiri, n'kulemba ena pamwamba pake mosamala.

"Nsapato sanavule," anatero. "Anali atachedwa. Ndinawachedwetsa ndine, ndinkati ayambe amwa tiyi."

Anapinda pepalalo n'kulibweza pa lichero.

"Ine ndikudziwa kale mmene zinathera. Kulungirani wina."